Tsiku Limene Hubert Anathamanga Yekha

Mvula inayamba Lachisanu n'kudzakata Lamulungu m'mawa. Aliyense m'tauni ankadziwa kuti bwalo lamwa madzi mpaka kukhuta. Koma a kanema anali atafika kale ndi zimagalimoto zawo, matikiti atatha, ndiye thirakitala inapalasa njira yothamangiramo kuyambira mbandakucha, kukankhira matope kumbali n'kuwaza dothi louma pamwamba. Pofika masana njirayo inkaoneka yosalala ngati tebulo. Zoipa zinali pansi.

Mirka anasiya mwana wake, Jagna, kwa agogo ake n'kupita kumashedi, kumene okwera amakonzera njinga zawo zamoto. Pa tsiku la mpikisano ntchito zake zinali zitatu: kupukuta magalasi a mwamuna wake Hubert, kumusungira madzi akumwa, ndi kutseka pakamwa. Ziwiri zoyambazo ankazitha.

Kaputeni wa timu anali mlongo wake weniweni, Darek. Ndi amene anamulera bambo awo atamwalira, ndi amenenso anabwera ndi Hubert pakhomo, kamnyamata kowonda kofuna kuphunzira njinga, kodya ngati anthu atatu. Darek anali atatsala chaka chimodzi kuti akwanitse zaka makumi anayi, mafupa ake atalumikizidwa ndi zitsulo m'malo osawerengeka, ndipo chaka chimenechi chinali chake chomaliza. Mu Seputembala timu inali itakonza zomutsanzika, monga amachitira ndi wokwera amene wakalambira pa bwalo limodzi. Anzake akale amabwera kuchokera kutali, amathamanga naye tsiku lonse, pomaliza amamunyamula pamapewa n'kuzungulira naye bwalo anthu ataimirira. Darek sankazitchula pakamwa, koma Mirka ankadziwa kuti pa zonse zimene njinga inamutengera munthu uja, tsiku limeneli ndi lokhalo limene ankafuna kuti imubwezere.

Mpikisano usanayambe, okwera a matimu onse awiri amayenda wapansi kuzungulira njira, manja ali m'matumba, akumenya dothi ndi chidendene. Atafika pa kona yoyamba Darek anaponda mwamphamvu, phazi n'kulowa mpaka m'kakolo. Analizula likudontha phala lakuda.

"Bwana Grzelak!" Darek anaitana woyimbira mpikisano, amene ankabwera m'mbuyo akulambalala zithaphwi. "Tabwera kudzathamanga, kapena kudzabzala kachewere?"

Anyamata anaseka. A Grzelak sanaseke.

"Njira ndaiyendera, ndaivomereza. Mukazungulira kangapo iuma."

"Iuma ndi chiyani, ndi misana yathu? Njinga izi zilibe mabuleki, bwana, mwina ku ofesi anaiwala kukuuzani. Anthu anayi tikalowa pa kona iyi limodzi, wina atuluka pa machira."

"A Darek, lamulo mukulidziwa. Sindinalilembe ndine."

Lamulolo linali latsopano. Chaka chapitacho okwera anaimitsa mipikisano iwiri chifukwa cha njira zoipa, ndiye m'nyengo yozizira akuluakulu a bungwe loyendetsa masewerawa anakhala pansi n'kugamula kuti woyimbira akavomereza njira, wokana kuthamanga alandidwe laisensi. Okwera nawo anali ndi nzeru yawo. Onse akakana pamodzi, popanda ndi mmodzi yemwe wotuluka, woyimbira amasowa pogwira. Amangolemba kuti mvula yaononga masewera, nkhani n'kuthera pomwepo. Ungalange bwanji anthu a matimu awiri pa njira imene palibe waiyesa?

Atabwerera kumashedi, Darek anakhala pa bokosi la zida n'kumasula nsapato yachitsulo ija imene wokwera amavala kuphazi lamanzere, yokhwekhwereza pansi pokhota. Anakaikoleka pa waya wa geti. Kaputeni wa alendo anachita chimodzimodzi. Mmodzimmodzi onse anatsatira, mpaka geti linadzaza nsapato zolendewera ngati nsomba zoyanika. Hubert anakoleka yake pomalizira, osayang'ana kumene kunali mkazi wake.

Mtima wa Mirka unali m'mwamba. Hubert sanali ngati enawo. Pa kukana kwa chaka chapitacho iye analipo, ndipo anatukwana mkulu wina kamera ikuona. Anamuchenjeza kuti akadzangoyambiranso, zaka ziwiri kunyumba. Zaka ziwiri! Munthu wosadziwa ntchito ina iliyonse pansi pano, woti ngakhale kukhoma shelefu amaitana mlamu wake. Ndipo Mirka anali ndi pakati pa miyezi itatu, asanauze wina aliyense kupatula Hubert. Zoti bungwe silingalange onse, inde, mwina. Koma bungwe likasowa womulanga limayang'ana amene ali kale ndi chipsera.

M'gawo loyamba ankayenera kutuluka Darek ndi Hubert, pamodzi ndi alendo awiri. Sailini inalira. Ikalira, wokwera amakhala ndi mphindi ziwiri zokha kuti afike pa chingwe choyambira. Mirka anayang'ana uku ndi uku kufuna mlongo wake, koma Darek sanaoneke. Anangoti wapitanso kukakangana ndi woyimbira. Anthu onse maso anali ku bwalo. Iye anadutsa pa geti ngati akukataya madzi, anachotsa nsapato ya Hubert n'kuibisa m'thaulo, kenako anamukokera mwamuna wakeyo kuseri kwa vani.

"Khala pansi."

"Mirka, wapenga?"

"Ndati khala pansi. Bweretsa phazi."

"Ndipereke anzanga? Ndipereke achimwene ako?"

"Ndani wati upereke munthu? Tamvera. Utuluke, uyende pang'onopang'ono, uzidzandira, uziponda pansi, dziko lonse lione pa kanema kuti njirayi ndi phala. Ukatero palibe anganene kuti wakana, ndipo mawu a achimwene aoneka kuti ndi oona. Mupulumuka nonse."

Hubert anapukusa mutu. "Njinga iyi sidziwa kuyenda pang'onopang'ono. Pokhota imafuna moto. Ukaimana imakugwetsa."

"Uiphunzitse lero. Kapena ukufuna mwana uyu adzabadwe n'kukupeza uli pa mpando, ukuonera anzako pa kanema?"

Hubert anakhala pansi. Mirka anagwada m'matope, anamulowetsa phazi m'chitsulo muja n'kumanga lamba zolimba, monga ankamangira Jagna nsapato popita ku tchalitchi. M'mutu mwake zonse zinali zitakhala m'malo mwake, ndipo ankadabwa kuti amuna onsewa, ndi ndevu zawo, analephera bwanji kuona njira yapafupi chonchi.

Makaniko wa Hubert anakana kugwira njinga. Anaikankha ndi anthu awiri a bungwe, ovala mataye, akupuma wefuwefu mpaka injini inalira.

Chingwe chinakwera m'mwamba Hubert ali yekhayekha. Mirka anathamangira pa mpanda, ndipo anamuona akuyesadi. Analowa pa kona yoyamba monyengerera ngati nkhalamba, ndipo pomwepo tayala lakutsogolo linagwera m'dzenje lobisika, njinga inadumpha n'kulunjika ku mpanda. Anthu anakuwa. Apo ndiye thupi linayankha lokha, thupi limene Darek analiphunzitsa kuyambira lili laling'ono. Dzanja linapotokola moto wonse, tayala lakumbuyo linatsetsereka cham'mbali, njinga n'kuwongoka. Ndipo mkati mwenimweni, m'mphepete mwa mzere woyera, anapeza kanjira kouma, kopapatiza ngati thabwa. Munthu mmodzi akanakwanamo, osati anayi. Panalibe womutsekera kutsogolo, panalibe womuwaza matope m'maso. Anakakamira momwemo, chifukwa kutulukamo kunali kufa, kuchepetsa moto kunalinso kufa. Anazungulira kanayi.

Chimkuzamawu chinalengeza nthawi yake. Chaka chonse chimenecho, pa bwalo limenelo, panali munthu mmodzi yekha amene anathamangapo kuposa pamenepo.

Ena anaomba m'manja. Ambiri anaimba malikhweru, akumugenda ndi makoko a mpendadzuwa umene ankatafuna ndi makapu a mowa. Mirka anangogwira waya. Sukulu sanapite nayo patali, koma apa sipanafunike sukulu. Nambala ija inali itapha mawu onse a mlongo wake.

Enawo anakanabe kutuluka, masewera anathetsedwa, koma tsopano a Grzelak sanalembe za mvula. Hubert atalowa kumashedi anthu anamupatukira ngati wa nthenda. Wina anati chapansipansi, "Yudasi wabwera." Wina anayankha, "Ayi, Yudasi sankathamanga chonchi." Palibe anaseka. Darek anali atabwerera, ataima pafupi ndi geti. Anamuyang'ana Hubert kuyambira kumutu mpaka kuphazi lamanzere.

"Mwathamanga bwino, alamu," anatero, n'kutembenuka kukachotsa nsapato yake pa waya.

Mirka anali pomwepo, thaulo lili m'manja. Mpata wolankhula unali umenewo. Koma ntchito yachitatu ija, imene inkamukanika masiku onse, tsiku limenelo anaitha bwinobwino.

Chigamulo chinatuluka sabata isanathe. Onse okana, mwezi umodzi. Darek, monga wotsogolera, chaka chathunthu: osathamanga, osalowa kumashedi, osaponda ngakhale pa njira. Za Seputembala zija zinalowa m'madzi.

Hubert sanamutchule mkazi wake kwa munthu aliyense. Anzake anamusunthira zida kumapeto kwa shedi, pafupi ndi chimbudzi, iye anangovomera. Mayi wogulitsa buledi ankamupatsa buledi akuyang'ana kumbali. Lamulungu anasiya kupita kwa apongozi ake kukamwa msuzi wa nkhuku. Mirka akapita yekha ndi Jagna, amayi ankati, "Mwamuna wako wadya mlongo wako, iwe n'kumamuphikirabe." Mirka ankangopukuta mbale, mbale youma kale.

Tsiku lina akuchapa zovala zothamangira Mirka anamufunsa Hubert, "Bwanji osawauza kuti ndine?"

"Dzanja la pa moto linali langa," anatero Hubert.

"Phazi ndinamanga ndine."

"Ndinali ndi pakamwa, ndikanakana. Siya, Mirka. Wadya?"

Kwa Mirka kusenzeredwa kumeneko kunkalemera kuposa mbama.

Darek anachita apilo. Chokhacho chimene chikanamuthandiza chinali choti wothamanga uja akanene yekha pamaso pa akuluakulu kuti njira inali yakupha. Hubert sanadikire kupemphedwa. Mirka anamusitira malaya n'kukwera naye sitima ya ku likulu.

Amene sanali mboni sankaloledwa kulowa. Hubert ataitanidwa mkati, Mirka anatsala m'khonde pa benchi imodzi ndi Darek, amene anali atanena kale mbali yake. Darekyo jekete linkamuthina m'mapewa.

"Achimwene."

"Ee."

"Nsapato ija..."

"Ndikudziwa." Darek ankayang'ana khoma. "Hubert chithyokere dzanja lija, zala ziwiri sizipinda. Lamba ameneyu samanga yekha. Makaniko wake ndinamufunsa, akuti sanakhudze. Ndiye anamanga ndani, mngelo Gabirieli?"

"Ndili ndi pakati, achimwene. Ndinaopa zaka ziwiri zija. Ndinamuuza kuti ayende pang'onopang'ono, anthu aone..."

Darek anaseka, kuseka kosakoma. "Pang'onopang'ono. Mwana wokulira mu utsi wa njinga iwe, n'kumati pang'onopang'ono." Anadzipukuta kumaso ndi manja onse awiri. "Ukuganiza kuti sailini ikulira ine ndinali kuti?"

"Kwa a Grzelak."

"Kwa dokotala wa pa bwalo. Zaka ziwiri zimene unkaopa iwezo, ine sindinkazidziwa? Ndinakawatenga adokotala kuti adzaone dzanja la Hubert, anene kuti latupa, lero sangakwere. Wodwala sakana, wodwala sathamanga. Timachita choncho kuyambira kalekale, iwe usanamere mano. Tikufika pa geti ndi adokotala, ndikumva injini ikulira."

"Bwanji simunanene?"

"Kunena liti? Ndinati ndithamangire kaye adokotala, ndidzanena pobwera. Nsapato inali pa waya, ndinaiona ndi maso angawa. Sindinaganize kuti wochotsa achokera m'nyumba mwanga momwe."

Mirka anamva ngati benchi yachoka pansi pake. Akanangodikira pang'ono chabe. Akanangofunsa makaniko aliyense kuti kaputeni walowera kuti. Moyo wake wonse ankanyadira kuti iye sadikira munthu, amaona chofunika n'kuchichita, ena adzalankhula pambuyo. Ndi mmene analerera mwana, ndi mmene anasungira nyumba. Ndipo anaiwala kuti khalidwe limenelo anatengera kwa munthu ali pambali pakeyu, amene naye anaona chofunika n'kuthamangira kukachichita.

"Ndikalipireni, achimwene. Nditukwaneni."

"Ndikutukwane uli ndi pakati? Amayi angandiphe." Anamuyang'ana pamimba. "Miyezi ingati?"

"Inayi tsopano."

"Uzidya. Waonda ngati sipoko."

Chitseko chinatseguka, Hubert anatuluka thukuta lili kamukamu. Anali atawauza zonse: za dzenje lobisika, za kanjira kopapatiza, zoti anthu anayi sakanakwanamo, zoti iye mwini anathamanga chifukwa cha mantha osati chifukwa njira inali yabwino. Mkulu wokhala pakati anamumvetsera mpaka kumapeto, n'kunena kuti wamva, ndipo n'zoyamikika kuti munthu aziikira kumbuyo mlamu wake, koma wotchi ilibe mlamu.

Chilango chinakhala chomwecho. Pa sitima yobwerera anakhala atatu m'chipinda chimodzi. Darek anagona, kapena ananamizira kugona.

Seputembala anabwera n'kupita. Pa bwalo anathamanga mipikisano ina, Hubert anapambana ingapo, anthu ena anayambanso kumupatsa moni. Mirka anasiya kupita kumashedi. Ankati mimba yakula, utsi ukumuchititsa nseru, ndipo palibe anamutsutsa.

Loweruka lina mu Okutobala, masamba atayamba kuyoyoka, vani ya Darek inaima pa geti pawo. Hubert anatuluka m'galaja akupukuta manja, Mirka anatuluka m'nyumba ndi Jagna. Darek anatsegula kumbuyo. Munali mainjini awiri, okutidwa m'mabulangeti akale.

"Injini ikakhala imafa," anatero. "Chaka chamawa ndili ndi makumi anayi, nditakhala chaka chonse pansi. Ndani angandipatse malo? Kwerani, alamu. Iyi imakonda njira youma. Iyi ndi ya matope, koma musamaipatse moto msanga, ili ndi mtima wapachala."

"Alamu, sindingatenge."

"Sindikukufunsani. Gwirani uko."

Mirka anasendera kuti athandize.

"Iwe usanyamule," anatero Darek, osamuyang'ana.

Anaika mainjini aja pa tebulo la m'galaja. Darek anaongola bulangeti pa imodzi, anaisisita pang'ono, n'kubweza dzanja m'thumba. Anati wapeza ntchito yoyendetsa lole, kukatenga maluwa ku Holland, ndipo anyamuka Lolemba. Anati akuti malole ali ndi mabuleki, akaona mmene amagwirira ntchito.

"Lowani mumwe tiyi, achimwene."

"Tsiku lina."

Anamutsina Jagna patsaya, anakwera vani n'kuliza injini.

Jagna anayang'ana m'galaja, kenako anayang'ana amayi ake. "Amalume aiwala mainjini awo. Adzathamangira chiyani?"

"Sathamanganso."

"Chifukwa?"

Hubert anatsegula pakamwa, koma Mirka anamugwira mkono. "Ayi, iwe wasenza zokwana." Anagwada movutikira, mimba ikumutsekereza, n'kumumanga mwanayo batani la jekete. "Chifukwa cha ine, amayi ako. Ndinafulumira, ndinawaonongera zinthu."

Jagna anaganiza kaye, chala chili m'kamwa. "Munapepesa?"

Mirka anafuna kunena kuti inde. Anabwerera pa benchi ija m'maganizo, n'kufufuza mawu onse amene ananena. Anafotokoza. Anapereka zifukwa. Anapempha kuti amutukwane. Liwu limenelo silinatuluke.

Anadzuka atagwira waya wa geti n'kuyang'ana kumsewu. Vani inali ikukhota kale pa tchalitchi.